Kaseti Yopanda Dzina Langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamva piyano koyamba. Tsiku limenelo amayi anandituma kukagulitsa kachewere khomo ndi khomo pa boma la Ntcheu, chifukwa pamsika anali atachuluka, ogula akungodutsa. Ndinasenza beseni langa n'kulowa kanjira kokwera kuseri kwa maofesi. Panyumba ina ya malata ofiira ndinamva kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Si limba la kutchalitchi lija lolira ngati munthu wa chimfine, ayi. Uku kunali ngati madzi akudontha m'mitsuko yambiri nthawi imodzi, wina wodzaza, wina wopanda kanthu. Ndinaima pawindo beseni lili pamutu mpaka khosi linauma.

"Iwe, ukugulitsa kapena ukuba nyimbo?" anatero mayi wina atasuzumira.

"Ndikugulitsa, mayi."

"Nanga bwanji sukuitanira malonda?"

Ndinasuzumira m'kati mmene munkachokera kulirako. Iwo anaseka, n'kundiuza kuti nditule ndilowe ndidzaone chinthu cholirachi.

Amenewo anali mayi Nanzunga, amene anthu pa boma ankangowatchula kuti amayi a piyano. Anabadwira konkuno, koma anapita ku Joni ali kamwana, bambo awo atatopa ndi mgodi n'kupeza ntchito yophika kwa mzungu wina. M'nyumba ya mzunguyo ndi mmene anakhudzira piyano. Kuchoka apo anakaphunzira ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yawo inali yoimba m'maholo akuluakulu, anthu atakhala duu, osavina, osayankhira, kudikira kuti amalize ndiye awombe m'manja. Pakhoma panali zithunzi zawo atavala diresi lakuda lofika kumapazi. Nthawi ya chipani chimodzi sankatha kubwera kuno chifukwa amuna awo anali m'gulu la anthu amene boma silinkafuna kuwaona. Matipate atalowa, amuna awowo atamwalira kale, anabwerera kwawo ndi piyano yawo ndiponso nyamakazi m'zala.

"Zala zanga zinapuma pantchito," anandiuza. "Panopa ndikufuna zala za ena. Taonetsa zako."

Ndinawaonetsa. Zinali zakuda ndi dothi la kachewere. Anazitembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsalu, kenako anagunda mano atatu a piyano, anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anagunda asanu, ndinabwereza. Kenako anati, "Ukawauze makolo ako kuti ndikufuna kuwaona."

Kwathu n'kumtunda, ulendo wa ola limodzi ndi theka wapansi kuchokera pa boma. Bambo anapita okha, atavala jekete lawo la ku Joni. Iwonso anagwirapo kumigodi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kubwerako ndi chifuwa ndi njinga. Pobwerera anatiitana tonse pabwalo. Anati mayi aja avomera kundiphunzitsa mwaulere, Lachitatu masana ndi Loweruka, koma apereka lamulo limodzi: ndisagwirenso khasu. Akuti khasu limaumitsa zala.

Amene simunakulire kumunda mwina simungamve kulemera kwa lamulo limeneli. Kwathu mwana aliyense anali ndi mizere yake. Mizere yanga sinathawe, inagawidwa. Ina anatenga amayi, ina mkulu wanga Agnesi. Nthawi yokumba kachewere onse ankabwera misana itathyoka, ine n'nakhala pakhonde ndi thabwa langa. Thabwalo anapala ndi bambo, najambulapo mano oyera ndi laimu, akuda ndi makala, kutsanzira pepala limene aphunzitsi anawapatsa. Silinkalira. Ndinkaligunda nyimbo ikulira m'mutu mwanga mokha.

"Taonani adona a zala," ankatero Agnesi potula dengu. "Thabwalo lanena chiyani lero? Lati ndiwo n'chiyani?"

"Musiye mnzako," amayi ankayankha. "Iwe umalima pansi, iye akulima pathabwa."

"Ndiye akakolola atigawireko ndithu."

Kunena zoona, mayi Nanzunga ankadziwa kuphunzitsa. Zimenezo sindingawalande. Ankandiuza kuti dzanja lizikhala ngati lagwira phwetekere wakupsa, osamufinya, osamugwetsa. Ankaika chitsekerero cha botolo pamwamba pa dzanja langa, chikagwa tiyambirenso. Anandiphunzitsa kuwerenga manotsi, zizindikiro zolembera nyimbo, ndisanadziwe bwino kuwerenga Chingerezi. Nyimbo zake zinali zopanda mawu, zopekedwa ndi azungu amene anafa kalekale, koma iwo ankazifotokoza ngati akunena za anthu a m'mudzi mwathu. "Apa ndi mayi akuitana mwana. Apa mwana wakana. Iwe ukuimba ngati onse agwirizana. Bwereza." Ndikalakwitsa ankandimenya pang'ono ndi pensulo pamkono. Ndikakhoza sankayamika, ankangotseka maso. Ine kutseka maso kwawoko ndinkakuyendera ola ndi theka, mvula kaya dzuwa.

Ophunzira tinalipo ochepa. Ana a mabwana ankabwera miyezi iwiri n'kutopa. Amene tinakhalitsa tinali awiri, ine ndi Tadala, mwana wa achimwene awo a aphunzitsi. Tadala ankandiposa zaka ziwiri, anali kale ku sekondale, ndipo ankakhala m'nyumba momwemo, piyano ili pamphuno. Sanali woipa mtima. Ankandibwereka nsapato, ankandisungira mkute. Koma piyano sankaikonda. Ankaimba ngati munthu wokhoma misomali, maso ali pa wotchi.

Patatha zaka ziwiri, ndili Sitandade 6, aphunzitsi anandiuza nkhani. Ku Joni kunali sukulu ya zoimba kumene mnzawo wina wakale ankaphunzitsa. Sukuluyo inavomera kutenga mwana mmodzi wochokera m'manja mwawo, kumuphunzitsa, kumudyetsa ndi kumugoneka. Popeza n'kutali, mayeso ake anali a pa kaseti. Ujambule nyimbo zitatu, aphunzitsi atumize, azungu amvere.

"Konzeka, Filomina," anatero. "Mwayi sugogoda kawiri."

Bambo atamva anandiitana pabwalo. Kenako anati, "Ine Joni ndinamuona wapansi, mumdima, nyali ili pachipumi. Iwe ukamuone wapamwamba." Anapita kumunda akuimba mluzu, chinthu chimene chifuwa chawo chinali chitawaletsa kalekale.

Kujambula kunatenga masiku atatu. Anaika wailesi ya kaseti pampando pafupi ndi piyano, natseka mawindo onse ngakhale kunali kotentha. Malamulo anali omveka: batani lofiira likatsika, usayankhule, usatsokomole, usagwedeze mpando.

"Nanga dzina langa ndinene poyamba kapena pomaliza?" ndinafunsa.

"Dzina timalemba papepala. Kumeneko safuna mawu a munthu, amafuna manja. Iwe ungokhala chete."

Ndinakhala chete. Ine kukhala chete sikunkandivuta, kwathu ankanditama nako. Tsiku loyamba tambala wa oyandikana nawo anatiwonongera kawiri. Tsiku lachiwiri minibasi inaimba hutala kumsewu pakati penipeni pa nyimbo yachiwiri. Lachitatu zonse zinayenda. Nyimbo yomaliza inali yothamanga, yotopetsa dzanja lamanzere, ndipo nditagunda mano omaliza ndinatulutsa mpweya wonse umene ndinausunga, "fuuu!", aphunzitsi asanadine batani. Ndinachita mantha kuti tiyambiranso. Koma anali atatseka maso. Anati, "Isiye choncho. Sungaibwerezenso mmene waimbiramu."

Aphunzitsi anakopera nyimbozo pa kaseti ina yoti asunge, n'kutumiza inayo, ndipo tinadikira miyezi itatu. Loweruka lina ndinawapeza atakhala pakhonde, osati pa piyano.

"Yankho labwera," anatero akuyang'ana kumapiri. "Akuti ukadali wamng'ono. Tidzayesanso."

Ndinalira njira yonse. Amayi anandipukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, anati chaka si chinthu, chimanga chomwe timachidikira. Patapita milungu iwiri tinamva kuti Tadala akupita kusukulu ku Joni. Sitinadabwe kwenikweni. Tinangoti azakhali ake ali ndi anzawo kumeneko, ana a anthu odziwika njira zawo n'zambiri. Aphunzitsi anatumiza uthenga kuti ine ndi amayi tikathandize kuphika pa phwando lotsanzikana naye, ndipo tinapita ndi dengu la kachewere wosankha, wamkuluwamkulu, ngati mphatso yathu.

Linali Loweruka masana. Alendo anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mapeyala, ife tili kuseri ndi miphika. Bambo ake a Tadala, munthu wansangala wa mawu aakulu, anali atamwako pang'ono. Analowa m'nyumba n'kutuluka atanyamula wailesi ija.

"Anthuni, musamangomva kuti mwana akupita, akupita. Imvani chimene azungu anamva! Kaseti yake ndayipeza m'dirowa, dzina lake lili pomwepa."

"Achimwene, mabatire ndi ofooka, isiyeni," anatero aphunzitsi ataimirira msanga.

"Ndagula atsopano, mlongo. Khala pansi, lero ndi tsiku langa."

Ndinali ndikutsuka mbale pamene nyimbo yoyamba inayamba. Munthu amadziwa mapazi ake pamatope ngakhale padutse anthu khumi. Ndinadziwa pamene dzanja lamanja limachedwa dala kudikira lamanzere, ndinadziwa pamene ndinaopa n'kulimba mtima. Koma ndinadziuza kuti mwina Tadala anajambulanso yake, nyimbo zake n'zomwezo. Ndinapitiriza kutsuka mbale imodzi yomweyo. Nyimbo yachiwiri inadutsa. Yachitatu inathamanga mpaka kumapeto, ndipo anthu asanawombe m'manja, wailesi inapuma: "fuuu!"

Alendo anaseka. "Mwana anatopa uyu!" anatero wina.

Amayi anasiya chipande mumphika. Iwo za manotsi sankazidziwa, nyimbo zonse zija kwa iwo zinali chimodzimodzi. Koma mpweya wa mwana wawo ankaudziwa. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Anasuzumira kubwalo. Tadala anali atazolika, akukanda dothi ndi nsapato, anthu akumugwira chanza. Aphunzitsi anali atalowa m'nyumba.

"Samba m'manja, tizipita," anatero amayi motsitsa.

"Nanga mpunga?"

"Upserere."

M'mawa mwake titachoka ku Misa, bambo anavalanso jekete lija, tinapita atatu. Sanakweze mawu. Anakhala pampando chipewa chili pabondo, n'kupereka moni wonse mwadongosolo, kufunsa za nyamakazi, za alendo ngati anayenda bwino. Kenako anati, "Mayi, tabwera kudzafunsa. Manja amene ali mu kaseti muja ndi a ndani?"

Aphunzitsi sanakane. Mwina akanakana ndikanapeza powadera bwino.

"Ndi a Filomina," anatero. "Koma tamvani, bambo. Sukulu ija imafuna mwana wodziwa Chingerezi, wa sekondale. Uyu ali Sitandade 6, pasipoti alibe. Ndikanatumiza dzina lake, malo aja akanangotayika. Tadala akakafika akaphunzira, ali ndi mutu. Akakatsegula khomo, chaka chamawa uyu adzalowa mosavuta."

"Azungu ananena okha kuti uyu ndi wamng'ono?"

Aphunzitsi anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa, mayi. Dzina la mwana wanga linafikako ku Joni?"

"Silinafike."

Kenako anayankhula zimene ndikuganiza kuti ndizo zinali zenizeni. Anati zaka zonse zimene anali kunja, achimwene awowo ndi amene anasunga mayi awo, kuwadwazika mpaka kuwaika m'manda, iwo osaponyako ngakhale dothi. "Ndibwere kuno ndi mwayi umodzi wokha m'manja, ndiupereke kwa mwana wa eni, wa mlongo wanga ali pomwepo? Mukanakhala inu?"

"Ndikanakhala ine," anatero amayi, amene anali asanayankhule, "ndikanamutuma wa mlongo wangayo ndi manja ake omwe. Inu munatiuza kuti uyu asagwire khasu. Mizere yake talima ife zaka ziwiri. Timayesa tikulimira mwana wathu."

"Ndamuphunzitsa ulere, mayi. Chilichonse chili m'zala zakezo ndinaikamo ndine."

Mawu amenewo ndi amene anandilasa kuposa kaseti. Nthawi yonseyi ankayankhula ndi makolo anga, ine osandiyang'ana, ngati mmene anthu amakambirana za mbuzi ili pachingwe pomwepo.

Mungaganize kuti sindinabwererekonso. Ndinabwerera. Agnesi anati ndilibe manyazi, koma bambo anati njoka yakuluma kale, ndiye usiyenso nkhuni zako patchire? Ndinapirira chaka china chathunthu. Aphunzitsi ankandiphunzitsa mwakhama kuposa kale, mwina pofuna kudzitsuka. Za kaseti sitinazitchulenso. Akatseka maso ine ndinkayang'ana kumbali.

Nthawi itakwana tinajambula ina. Batani litatsika ndinayankhula ndisanagunde kanthu: "Ine ndine Filomina, wa ku Ntcheu, amene ndikuimba ndine." Ndinanena m'Chichewa, kenako m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Aphunzitsi sanaimitse kaseti. Kasetiyo bambo anakaponya okha ku positi, ndipo anapempha kuti yankho lidzere kusukulu kwathu.

Linabwera mvula itayamba. Ahedi anatiwerengera mu ofesi mwawo, akumasulira pang'onopang'ono. Kalatayo inali yaulemu. Inati mwana amene anafika chaka chatha manja ake sanali amene anawamva pa kaseti, ndipo aphunzitsi a kumeneko anazindikira sabata yoyamba yomwe. Anamusunga mpaka chaka chithe chifukwa cha chisoni, koma akubwerera. Inati kuyambira tsopano salandiranso kaseti yochokera kwa mayi Nanzunga, kaya pakhale dzina la ndani. Wofuna malo apite yekha akaimbe pamaso pawo.

"Kaseti ya uyu anaimvera?" anafunsa bambo.

Ahedi anatembenuza pepala, kuseri kunalibe kanthu. "Sananene, bambo."

Kachewere sangamufikitse munthu ku Joni kukangoyesa mwayi. Tonse tinadziwa zimenezo. Tikutuluka, bambo anatsokomola nthawi yaitali atagwira chipupa, kenako anati, "Tiye, mwana wanga." Loweruka lotsatira ndinatenga khasu. Matuza anatuluka tsiku lomwelo, ndipo Agnesi, amene ndinkayesa aseka, anandimanga m'manja ndi kansalu.

Mayi Nanzunga anasamukira ku Lilongwe chaka chomwecho. Sanatsanzike. Tadala ndinakumana naye kamodzi pa depoti patapita zaka, ali ndi mwana kumsana ngati ine. Anandigwira dzanja, anati, "Ukudziwa, kumene kuja ndinkalira tsiku lililonse. Ankandiikira kaseti ija n'kunena kuti imba chonchi." Ndiye kuti azakhali ake anatipweteka tonse awiri ndi mwala umodzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Lero ndili ndi ana awiri, ndimagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo sindidandaula kuti ndi moyo woipa. Koma si umene unali m'manja mwanga.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro lake ndi lakuti usakhulupirire munthu. Panopa ndikuona kuti si choncho, chifukwa popanda kukhulupirira munthu sungaphunzire ngakhale kuluka mphasa. Chimene ndamvetsa n'chakuti munthu angathe kukupatsa chinthu chenicheni n'kukubera chenicheni, munthu mmodzi yemweyo, ndipo chabwino chakecho sichilipira choipacho. Mayi aja ankaona ngati poti anabzala ndi iwo, zokolola n'zawo, angapatse amene afuna. Anaiwala kuti munda wake unali munthu. Ndipo ife tinawathandiza ndi ulemu wathu. Kwathu timaphunzitsa mwana kuti wamkulu akati khala chete, ukhale chete. Ine ndinafunsa funso loyenera, la dzina langa, koma nditayankhidwa kamodzi ndinalimeza. Kupirira ndimakudziwa, ndi kumene kwandilerera ana. Koma kupirira ndi kwina, kusiya ntchito yako iyende yopanda mwini ndi kwina.

Kuwakhululukira ndimayesa. Masiku ena zimatheka, masiku ena ayi.

Teremu yathayi mwana wanga woyamba, wa Sitandade 2, anaumba ng'ombe yadothi ya linunda ndi nyanga zake, yokongola ndithu. Aphunzitsi ake anaitenga kuti ikaonetsedwe kumene sukulu zingapo zimakumana, anati ana ang'onoang'ono sapita, zinthu zokha ndi zimene zipite. Ndinasiyira mnzanga mulu wanga wa kachewere, ndinabereka wamng'ono, wamkuluyo kumugwira padzanja, ulendo. Azimayi anzanga pamsewu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mayi a Chisomo, mukusiya malonda chifukwa cha ng'ombe yadothi? Ikakupatsani mkaka?"

Ndinangoti sekani. Titafika tinapeza ng'ombe ili patebulo pakati pa zinthu zina, yopanda kapepala. Ndinamuimika mwana wanga pambali pake. Munthu woyamba atafika n'kufunsa kuti waumba ndani, mwanayo anandiyang'ana mwamanyazi, chala chili m'kamwa. Ndinamuchotsa chalacho.

"Yankha," ndinamuuza. "Ndipo ukweze mawu."